Maso a nkhono pa tsamba la papaya

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adatero akuluakulu, ndipo kunena za nkhono yeniyeniyo sadaname. Nkhono ya kumtunda ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi m'munsi, tiwiri tatitali pamwamba, ndipo maso ake ndi timadontho takuda tokhala kunsonga kwa tinyanga tatitalito. Ukangoikhudza imabweza tinyanga tonse, iyo n'kudzipinda m'chigoba. Woigogoda ndi kamtengo kuti ituluke msanga amangodzitsekera khomo yekha. Imatulukira munthu amene wakhala phee pambali, manja ali pamaondo. Amene adapeka mwambiwu adaikhaliradi pansi nkhono. Koma ife olandira timaunyamula kupita nawo paliponse, poganiza kuti chobisika chilichonse chili ndi mtima wa nkhono, chimangodikira phokoso lithe kuti chionetse nkhope. Pali mtengo wina wopezeka pafupifupi pakhomo lililonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, umene umauvomera mwambiwu m'mawa n'kuutsutsa madzulo. Mtengowo ndi papaya.

Papaya ndi mlendo amene tidaiwala kuti ndi mlendo. Kwawo ndi kummwera kwa Mexico ndi ku Central America, ndipo adaoloka nyanja m'zombo za Asipanishi ndi Apwitikizi kuyambira zaka za m'ma 1500. Ambiri a ife sitichita kumubzala. Mwana adya, ataya njere kudzala kapena kuseri kwa bafa, mvula ikagwa kamtengo kamera kokha, ndipo pakatha miyezi 9 mpaka 12 tayamba kuthyola. Chinthu chobwera chaulere sichiyang'anitsitsidwa. Chimanga timachiyendera m'mawa uliwonse, tomato timamudziwa tsamba ndi tsamba, koma papaya timamuponyera diso popita kukataya zinyalala, kungokweza mutu kuona ngati lilipo lakupsa. N'chifukwa chake matenda ake amatidzidzimutsa, chonsecho amakhala atayamba kalekale. Ndipo nkhono yeniyeniyo ilimo m'nkhaniyi. Mbande zikamapezeka m'mawa zitadyeka masamba, wakudyayo osaoneka, yang'anani pansi. Kanjira konyezimira kouma padothi ndi ka nkhono, makamaka zikuluzikulu zija za m'dzinja. Masana simuipeza. Dikirani kude, mutenge tochi, mukaitole ndi dzanja.

Mwambiwu umayamba kupambana pa tsamba lachikasu. Nyengo ikakhala yofunda papaya amatulutsa tsamba limodzi kapena awiri kunsonga sabata iliyonse, ndipo akale a m'munsi amachita chikasu, kulendewera, n'kugwa, kusiya zipsera zija timaziona pathunthu. Amenewo si matenda, ndi ukalamba wa tsamba. Mu Juni ndi Julaye, kumadera okwera monga Dedza, kapena ku Thyolo chiperoni chikakhazikika, mtengo umaleka kukula, masamba n'kuchepa, chifukwa papaya ndi wa kotentha. Choncho funso loyamba n'lakuti chikasucho chayamba ndi masamba ati. Chikakhala m'munsi mokha, nsonga ili biriwiri, ndi ukalamba, ludzu kapena njala ya manyowa. Chikayambira kunsonga, apo pali nkhani. Koma munthu waphuma safika pa funsoli. Amathamangira kumsika, kumene mnyamata wina wayala timabotolo topanda chizindikiro pathumba, ndipo asanamalize kufotokoza wayankhidwa kale: "Bwana, ingotengani aka, kamapha chilichonse." Lamulo limati mankhwala ophera tizirombo azikhala olembetsedwa ku Pesticides Control Board ndiponso okhala ndi malangizo pabotolo, koma kabotolo kaja sikanena dzina lake ngakhale muyeso wake. Tidaphunzira movutikira kuti si kutentha thupi kulikonse kuli malungo, ndipo kuchipatala amayamba abaya chala asanapereke LA. Mtengo wokha ndiye timaumwetsabe mankhwala usanayezedwe.

Kudekha pa papaya kumayamba ndi kutembenuza tsamba. Pamwamba pamangooneka zotsatira. Ochita zinthuzo amakhala kunsi, kumthunzi, kumene mvula siwakokolola. Thyolani tsamba limodzi lakale, mukhale nalo pakhonde powala. Mukapeza timadontho takuda bii, totukuka pang'ono, tosiya mwaye pachala, pamene pamwamba pake pali timawanga tofiirira tozunguliridwa ndi chikasu, amenewo ndi matenda a madontho akuda, obwera ndi chuku chotchedwa Asperisporium caricae. Amakonda chinyezi, amayambira m'munsi kukwera, ndipo amatha kuyoyola masamba mpaka mtengo kutsala ndi ochepa a kunsonga okha. Amagwiranso khungu la chipatso koma salowa mkati. Papaya la madontho otere ukalisenda n'lodyeka bwinobwino, kungoti pamsika amalinyoza. Kuchotsa masamba odwala n'kuwakwirira kumachepetsa vutoli, ndipo mankhwala a kopa amathandiza akathiridwa kunsi kwa masamba, osati pamwamba pamene ambiri timangowaza n'kumapita. Mukapeza ufa woyera wopyapyala, chimenecho ndi chuku china chokonda miyezi yozizira. Chimamva salufa, koma salufa yemweyo akathiridwa mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo amawaula masamba.

Nanga mukatembenuza osapeza kanthu, tsamba lili mbuu, lodzaza timadontho tachikasu tosawerengeka? Musafulumire kunena kuti palibe. Yalani pepala loyera, mugwedezere tsambalo pamenepo, kenako dikirani. Poyamba muona fumbi. Pakapita kamphindi, fumbi lina liyamba kuyenda. Amenewo ndi akangaude ofiira, adani akale a alimi a tomato, otalika pafupifupi theka la milimita. Apa mwambi uja ndi mfumu, palibe wouposa. Akangaudewa amaswana kwambiri m'chilimwe, kukatentha ndi kuuma, ndipo amaseka munthu waphuma. Cypermethrin, amene ali ponseponse m'misika yathu, amapha tizirombo tomwe timadya akangaudewo, eni akewo n'kutsala ambiri. Pakapita masabata owerengeka achuluka kuposa kale, ndipo munthu uja wabwerera kumsika kukagula botolo lachiwiri.

Nyerere zikamakwera ndi kutsika pathunthu mu mzere wosaduka, zitsatireni ndi maso. Sizikudya mtengowo. Kumapeto kwa mzerewo mupeza timagulu toyera tathonjethonje m'mbali mwa mitsempha ya tsamba, kunsonga, ndi pamene zipatso zagundana. Ameneyo ndi kodikodi. Amayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa timadzi totsekemera, timene nyerere zimadzera, ndipo pobwezera nyererezo zimathamangitsa adani ake. Timadzi totsalira pamasamba timamera chuku chakuda. Woonera patali amati mtengo wagwidwa ndi matenda akuda, n'kukagula mankhwala a chuku. Pukutani ndi kansalu konyowa: kudako kumachoka, tsamba lili bwinobwino pansi pake. Mwaye uja ndi mboni chabe, wolakwa ali pa tsamba la pamwamba.

Kodikodi woopsa kwambiri pa papaya ndi wotchedwa Paracoccus marginatus, wochokera kwawo komweko kwa papaya. Kumeneko sanali nkhani, popeza adani ake achilengedwe ankamuchepetsa, ndipo akatswiri adamupatsa dzina mu 1992. Atatuluka kwawo, adani aja atatsalira, adasanduka mliri: adafalikira zilumba za Caribbean m'zaka za m'ma 1990, mu 2008 adapezeka ku India, pofika 2010 anali ku Ghana, mu 2015 ku Tanzania, mu 2016 ku Kenya, ndipo kwa anansi athu ku Mozambique adafikako. Sadya papaya yekha. Amagwira mitundu yoposa 200 ya zomera, chinangwa chili m'gulu lomwelo. Malovu ake amapinda ndi kukwinyitsa masamba anthete, ndipo thupi lake lidakutidwa ndi phula loyera limene mankhwala ambiri amangotererapo. Chidamugwetsa ku India ndi ku Ghana si botolo, koma kamavu kosaposa milimita imodzi, Acerophagus papayae, kamene kamaikira dzira m'thupi mwake kuti mphutsi yake imudyere mkati. Mu 2021 bungwe la CABI pamodzi ndi mabungwe a boma la Kenya adayamba kumwaza kamavuka m'maboma a kugombe, ku Mombasa, Kwale ndi Kilifi. Kwa anthu a ku Nkhata Bay nkhani yotere si yachilendo. M'zaka za m'ma 1980 kodikodi wa chinangwa adasakaza minda yawo, ndipo adamuthyola mphamvu ndi kamavu kena kochokera ku South America, kamene bungwe la IITA lidamwaza m'maiko ambiri a mu Africa. Hans Herren, amene adatsogolera ntchitoyo, adalandira World Food Prize mu 1995.

Phunziro lake pakhomo n'lakuti nthawi zina ofunika kudekha ndi manja. Wopopera mankhwala amphamvu amapha mavu aja pamodzi ndi tizirombo tozungulira tofiira ta madontho akuda timene timadya kodikodi, ndipo amatsala yekha pankhondo. Chothandiza n'chosasangalatsa: kuthyola masamba ndi zipatso zodzaza kodikodi n'kuzitentha kapena kuzikwirira, kutsuka zotsalazo ndi madzi amphamvu kapena a sopo pang'ono, kuthira nimu, kutseka njira ya nyerere, ndi kubwereza zomwezo sabata yamawa. Potero samalani maso, utomoni wa papaya umawawa.

Mpaka apa mwambi ukuyenda mutu uli m'mwamba. Umayamba kupunthwa pa papaya wamwamuna. Alipo anthu amene amaudekhera mtengo wotere zaka ziwiri, kuuthira manyowa, kuuthirira, kumati ubereka chaka chamawa. Ena amaukhoma msomali, ena amaudula mutu kuti usinthe maganizo. Chonsecho yankho lidatuluka kale mtengo uli ndi miyezi 4 mpaka 6, tsiku limene udachita maluwa. Wamwamuna maluwa ake ndi ang'onoang'ono, ambiri, olendewera pa timapesi tatitali. Wamkazi duwa lake n'lalikulu, lomatirira kuthunthu, ndipo ukalitsegula muli kale kachipatso. Palinso wachitatu, wa maluwa okhala ndi mbali zonse ziwiri, amene amabereka yekha zipatso zazitali. Nkhono idatulutsa maso, munthu adali pompo, koma sankadziwa kuti amenewo ndiwo maso. Mwambi udaiwala kutiuza kuti wodekhayo ayenera kudziwa chimene akudikira. Ndipo wodziwa theka ndi woopsanso: amamva kuti wamwamuna sabereka, n'kugwetsa onse, kenako akudabwa kuti aakazi akuyoyola tizipatso tisanakule. Mmodzi pa aakazi khumi amafunika kutsala, pokhapokha ngati kwa aneba alipo.

Kupunthwa kwachiwiri kuli pansi pa nthaka. Nkhono ili ndi tsiku lotuluka, muzu ulibe. Thunthu la papaya si nkhuni yeniyeni, ndi lofewa, lamphako mkati, ndipo mizu yake sipirira madzi oima. Masiku awiri okha madzi atadikha patsinde akhoza kuupha mtengo wamkulu. Malo amene papaya amakonda kumera, kuseri kwa bafa kapena pafupi ndi mpopi, amamusangalatsa m'chilimwe n'kumupha mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula yaonjezera pa madzi osamba aja ndipo chuku cha m'nthaka, Phytophthora ndi Pythium, chapeza njira. Chizindikiro chake chimasokoneza: masamba amafota nthaka ili yonyowa, ndiye mwini wake poganiza kuti ndi ludzu amathiranso ndowa ina. Munthu akhoza kukhala pansi pa mtengo wotere tsiku lonse, wodekha kwambiri, osaona kanthu. Pofunika khasu. Fukulani mbali imodzi, mugwire muzu. Wabwino ndi woyera, wolimba. Wodwala ndi wofiirira, wofewa, wonunkha, khungu lake limasupuka m'zala. Mukapeza mizu yotupa timfundo, amenewo ndi manematodi, tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, tokonda dothi la mchenga ndi malo amene mudalimapo tomato, therere kapena fodya. Apa wogogoda chigoba ndiye wanzeru. Ndipo nthawi zambiri akamafika pofukula kwachedwa, chifukwa mankhwala enieni a vutoli anali a tsiku lobzala: kuika mbande pamtumbira, kutsegula ngalande, ndi kusabwereza dzenje limene mudafera papaya wina.

Pali matenda ena amene amadekha kuposa ife. Chuku cha Colletotrichum chimatera pa chipatso chikadali chachiwisi, chobiriwira, n'kukhala chete pakhungu miyezi, osaonetsa kanthu. Papaya likayamba kupsa ndi pamene chimadzuka: timabala tozungulira, tolowa mkati, tonyowa, pakati pake potuluka timadontho tofiirira. Mayi wathyola labwinobwino Lolemba, waliika padengu kukhitchini, pofika Lachinayi laola mbali imodzi, ndipo amadandaula kuti khitchini ikutentha. Kudikira kudamuonetsadi maso a nkhono, koma tsiku limene kuwaonako kulibenso phindu. Ogulitsa mapapaya kunja kwa maiko awo amawaviika m'madzi otentha madigiri 48 kapena 49 kwa mphindi 20 kuti aphe chukucho chisanadzuke. Wa pakhomo chida chake ndi ukhondo: kusasiya zipatso zoola pamtengo kapena pansi pake, kuchotsa mapesi ouma olendewera, ndi kuthyola papaya likangoyamba kuonetsa chikasu. Pamene zipatso zikutuluka zamabumphumabumphu, zikudontha utomoni zokha zikadali zazing'ono, musasake chirombo, palibe. Nthaka ikusowa boroni, zimene zimachitika kwambiri mumchenga nyengo youma. Magalamu ochepa chabe a borax amakonza, koma wothira mowolowa manja amapsereza mtengo, choncho muyeso wake mufunse kwa mlangizi.

Pamene mwambiwu umayesedwa koopsa ndi pa vayirasi. Odziwika kwambiri padziko lonse ndi matenda a mphete, papaya ringspot. Amanyamulidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo chodabwitsa n'chakuti nsabwezo sizikonda n'komwe kukhala pa papaya. Nsabwe imangotera, kulawa tsamba kwa masekondi owerengeka, kuuluka, kukatera pa mtengo wina, basi yasiya matenda. Simudzaipeza pamtengo, ndipo kupopera mankhwala sikuthandiza, poti imakhala itapereka kale isanafe. Pakapita masabata awiri kapena atatu masamba a kunsonga amachita mawangamawanga achikasu ndi obiriwira, amatupa matuza, ena amatuluka opyapyala, atsala mitsempha yokha. Pa mapesi a masamba ndi kumtunda kwa thunthu pamaoneka timizere tobiriwira modera, tonga tamafuta. Pa zipatso pamajambulika timphete. Mtengo umapinimbira, zipatso zimachepa n'kutaya kukoma. Mankhwala ake kulibe, kumsika kapena kwina kulikonse. Vayirasi yemweyo amakhalanso m'maungu, nkhaka ndi mavwende, mbewu zimene timakonda kuyanga pansi pa papaya.

Pano kudekha kumafunika ndipo kumapha, zonse pa tsamba limodzi. Kumafunika chifukwa pali onamizira. Kangaude wina wochepetsetsa, wa gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, amaluma masamba anthete a kunsonga mpaka atuluke opyapyala ndi okhota chimodzimodzi. Mankhwala ophera udzu akauluka ndi mphepo kuchokera m'munda wa chimanga wa pafupi amapotoza masamba mofananamo. Wodula mtengo chifukwa cha tsamba lopotoka lokha akhoza kupha wosalakwa. Choncho yang'anani mapesi ngati ali ndi timizere tija, yang'anani zipatso ngati zili ndi timphete, funsani ngati wina wapopera udzu masiku apitawa, onani ngati masamba atsopano akutuluka abwino. Kumeneko ndi kudekha kwa ola limodzi, mwina kwa masiku angapo. Koma zizindikiro zikagwirizana, tsiku lililonse limene mtengowo waima ndi tsiku limene nsabwe zikutunga matenda kupititsa kwa ina. Nkhono ikakhala m'chigoba sichulukana, siuluka, siwoloka mpanda. Mwambi udapangidwa pa kanyama kamene kukadikira sikukutayitsa kanthu.

Anthu a ku Hawaii adaziona zimenezi ndi maso. M'zaka za m'ma 1950 vayirasiyu adathetsa ulimi wa papaya pachilumba cha Oahu, alimi n'kusamukira ku Puna, pachilumba chachikulu, kumene pofika 1992 kunkachokera pafupifupi 95 peresenti ya mapapaya a ku Hawaii. Chaka chomwecho matendawa adapezeka ku Puna. Adayesa kudula mitengo yodwala, koma ena ankazengereza, ndipo minda yosiyidwa idasanduka nkhokwe ya matenda. Pofika 1998 zokolola za ku Puna zidatsika ndi theka, kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 24 miliyoni kufika pa 12 miliyoni. Chidawapulumutsa ndi mbewu yosinthidwa m'labotale, Rainbow ndi SunUp, ntchito ya Dennis Gonsalves ndi anzake, imene alimi adalandira mu 1998. Za mbewu zoterezi anthu amakangana mpaka lero, ndipo mkanganowo ndi wa tsiku lina. Chofunika pano n'chakuti kudula kumagwira ntchito pokhapokha onse akadula, ndiponso akadula msanga.

Ndipo pamenepo ndi pamene nkhaniyi imachoka pamtengo kupita kwa anthu. Papaya wa pakhomo saima yekha. M'makwalala a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, mtengo wanu ndi wa aneba amagundana masamba pamwamba pa mpanda. Munthu amasonkhanitsa ulemu wake wonse n'kukagogoda: "Pepanitu amayi, mtengo wanuwu ukudwala, ndipo udwalitsa ya tonse." Yankho lake mukulidziwa: "Aa, achimwene, mtengo wobereka chonchi ndiudule? Tione kaye mvula ikagwa." Sindiwaseka amayiwa. Pamtengopo pali mapapaya khumi ndi angapo, chipatso cha ana m'mawa, mwina ndi ndalama ya mchere. Kudekha kwawo sikuti n'kopusa, ndi chisoni cha munthu amene akuuzidwa kuti agwetse chakudya ndi chikwanje chake chomwe. Komabe mawu akuti tione kaye ndi amene amavala malaya a mwambi uja nthawi zambiri. Akuluakulu omwewo adatisiyiranso wina, wakuti pakadafunda padajiwitsa galu. Sadatiuze kuti uwu ngwa tsiku liti, uwo ngwa tsiku liti. Kusankhako adatisiyira ife, ndipo pa papaya kumadalira ngati chimene mwaonacho chimafalikira kapena ayi.

Palinso malire amene diso lililonse limafika. Ofufuza a ku DR Congo ndi ku Kenya atatenga masamba a mapapaya okhala ndi mphete ndi mawanga kupita nawo ku labotale, adapeza kuti wochititsa anali vayirasi wina wa banja lomwelo, wodziwika kale pa mavwende ndi maungu, wotchedwa Moroccan watermelon mosaic. Anthu ophunzira, odekha, okhala ndi magalasi okulitsa zinthu, sakadatha kusiyanitsa awiriwa pongoyang'ana. Kwa mwini mtengo dzinalo silisintha chochita, onsewo alibe mankhwala. Koma zikutikumbutsa kuti mwambi uja umajambula munthu mmodzi, yekha, ali ndi nkhono yake. Matenda a mbewu sazindikirika choncho. Zimene ndalemba panozi palibe mmodzi amene adaziona zonse atakhala pakhonde. Ndi maso a anthu ambiri, a maiko ambiri, a zaka zambiri.

N'chifukwa chake kufunsa ndi mbali ya kuona. M'dera lililonse la zaulimi muli alangizi. Ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kuli malo a boma ofufuzira za zipatso ndi ndiwo zamasamba. Kuyambira 2013 m'maboma ena mudayamba zipatala za mbewu, pansi pa ndondomeko ya Plantwise, kumene mlangizi wophunzitsidwa amakhala pamsika tsiku lodziwika, alimi n'kumabwera ndi mbewu zodwala. Koma mlangizi si sing'anga woombeza. Womubweretsera tsamba louma lotola pansi, kapena chithunzi cha pafoni chojambulidwa patali dzuwa lili kumaso, wamupatsa ntchito yolota. Tengani tsamba limene matenda angoyamba, ndi phesi lake, chipatso chimodzi, ndi muzu ngati mtengo ukufota. Kamera ya foni ikayandikizidwa n'kukulitsa imaonetsa akangaude amene diso limaphonya, ndiye jambulani kunsi kwa tsamba. Ndipo konzekerani mafunso ake: "Mayi, zidayamba liti? Ndi mtengo umodzi kapena yonse? Mudathirapo chiyani?" Funso lomalizalo ndi limene anthu amabisa, poopa kudzudzulidwa za kabotolo kaja, chonsecho nthawi zina kabotoloko ndiye matenda ake.

Chinanso chimene mwambi sunena n'chakuti papaya sakhalitsa. Zaka zitatu kapena zinayi zikakwana watalika mopitirira, zipatso zachepa, ndipo tizirombo ndi matenda a zaka zonsezo zaunjikana pa iye. Ambiri timamusunga chifukwa cha chizolowezi, ndipo amakhala gwero lodwalitsa ana ake omera pansi pake. Wosamala amafesa njere zina chaka chilichonse, pamalo ena, kuti tsiku lodula likafika asadule ndi mtima wowawa.

Sabata ino pitani kuseri kwa nyumba kukadali m'mawa, mutembenuze masamba atatu, la m'munsi, la pakati ndi la kunsonga, mutsatire nyerere, muponde dothi la patsinde. Mukapeza kodikodi, akangaude kapena madontho akuda, nthawi muli nayo, ndipo botolo la kumsika likhoza kudikira. Mukapeza timizere tamafuta pa mapesi ndi timphete pa zipatso, itanani mlangizi aone, ndipo akavomereza, dulani tsiku lomwelo, mukwirire masamba, muuzenso aneba. Mbande yatsopano, yobzalidwa pamtumbira kutali ndi dzenje lakale, imabereka chaka chisanathe.